Ramu Yodwala ndi Nyimbo ya Ababa

Lolemba, 5 Juni

Kompyuta yazimanso, ndipo lero yasankha nthawi yoipitsitsa.

Ababa ali pakati pa mawu achitatu, maso otseka, dzanja m'mwamba, nyimbo ikuyenda bwinobwino. Sikirini yonse buluu. Kenako bii. Iwo osadziwa kanthu, akungopitiriza kuimba m'kachipinda kojambulira kaja, ine kuno kuwayang'ana pagalasi, kusowa poyambira kuwaimitsa. Ndinawasiya amalize vesi. Manyazi, kaya mantha.

Nditayatsanso, za Loweruka nazo sizikutseguka. Besi yonse yapita. Madzi akatayika sawoleka.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhale m'malo. Ababa akupita ku Dar Lachisanu la sabata yamawa, achimwene Lusajo akudzawatenga. Akukachotsa chotupa cha pakholingo chija. Dokotala sanabise: mawu atha kubwerera, atha osabwerera, koma kuimba ndiye aiwale. Pakadali pano aziyankhula pang'ono, kuimba ayi. Ababa anatola "pang'ono" uja, "ayi" anamusiya kuchipatala komweko.

Nyimbo yatsala imodzi, yothokoza pa zokolola. Anaimaliza kupeka mmero utayamba kale kuvuta, ndiye kwaya sinaimvepo. Manotsi salemba bambo anga, sanalembepo chibadwire. Aphunzitsa kwaya ndi pakamwa moyo wawo wonse: kuimbira a mawu oyamba mpaka agwire, kusamukira kwa achiwiri, achitatu, abesi, kubwereza mpaka anthu kumva njala. Izo sangathenso. Ndiye tinagwirizana kuti aimbe okha mawu onse anayi pa maiki yanga, lililonse kamodzi, kwaya idzaphunzire pa chojambulacho. Kamodzi. Osati kawiri chifukwa kompyuta ya mwana wawo yakomoka.

Potuluka anangoti, "Mama, makina akowa amadya mawu a anthu?" Akanditcha mama ndiye kuti akundimvera chisoni. Ndinaseka. Kukhitchini ndinalira pang'ono, anyezi anandibisira.

Lachiwiri, 6 Juni

Kuzizira kwa Mbeya mwezi uno, zala ngati si zako. Kwaya ya ku Uyole imayenera kudzajambula lero, ndaibweza. Sanakondwe.

Ndatsegula chibokosi cha kompyuta. Fumbi lokwanira kudzalamo mbatata. Maramu awiri obiriwira, omwe ndinagula nawo makinawa, ofanana ndendende. Ndayendetsa pulogalamu yoyezera: mizere yofiira psuu. Ndiye ndayesa imodziimodzi. Yoyamba mmawa wonse, yoyera. Yachiwiri poyamba nayo yoyera, mpaka ndinayamba kukayika. Itatentha ndi pomwe inaonetsa mawanga ake. Yodwala mochenjera: ikazizira ndi munthu wabwinobwino, ikatentha misala.

Ndailemba kadontho kakuda ndi cholembera chosafufutika msanga chija, n'kuiika pa kambale patebulo.

Ndayesa kugwira ntchito ndi yamoyo yokhayo. Ikuyaka ndithu, koma ukasanjikiza mawu awiri atatu, phokoso ngati ukukazinga tchipisi. Yokha siingathe. Pafunika inzake.

Ababa anabwera kudzasuzumira, nsidze m'mwamba, kufunsa osayankhula. Ndinawafotokozera kuti ramu ndi manja a kompyuta. Nkhokwe yake ili kwina, kumene zinthu zimagona, koma chomwe ikugwira nthawi imeneyo chimakhala m'manja. Dzanja lina lachita dzanzi, likugwetsa zinthu, ndipo lotsalalo silinganyamule anthu anayi lokha. Anaitola pa kambale, kuitembenuza, kuyang'ana timano take tagolide. "Kachipeso aka?" Basi, n'kubwerera kukakhala padzuwa.

Madzulo nthochi ndi nyama. Adya zochepa, kumeza kukuwawa ngakhale sanena.

Lachitatu, 7 Juni

Ku msika wa Mwanjelwa, kwa Fundi Gwakisa, mmisiri wa makompyuta. Ndiye amandikonzera zinthu chiyambire situdiyo. Munthu wosamala, wosabera, koma akayamba kufotokoza uyenera kupeza pokhala.

Akuti ndisagule imodzi. Ndigule ziwiri zobadwira paketi imodzi, wopanga mmodzi, kukula kumodzi, liwiro limodzi, zakalezo ndichotse zonse. "Dada, sumanga ng'ombe ndi bulu pagoli limodzi." Kuno dada ndiye kuti mlongo. Akuti zosiyana nthawi zina zimagwira bwino, nthawi zina makina amakana n'kuyaka komwe, ndipo nthawi zina zimakunamiza sabata yathunthu n'kudzakugwetsa tsiku lofunika. Mawu omalizawo ndi omwe anandilowa m'mafupa. Vuto n'lakuti mtundu wakalewu, ziwiri zofanana, m'tauni muno mulibe. Aitanitsa kwa mnzake ku Kariakoo, msika wa ku Dar, zibwera pa basi Lachisanu.

Mama Ipyana, wa kagolosale ka zida zakale moyang'anizana, wamva zonse. Ku Mwanjelwa kulibe nkhani ya anthu awiri. Wandikodola. Ali ndi chitini cha mabisiketi chodzadza maramu ozula m'makompyuta akufa a m'maofesi, omanga ndi mphira ngati masamba a pamsika. Wafufuza, watulutsa imodzi. Mtundu womwewo, kampata kake kakugwirizana, kukula chimodzimodzi. Koma wopanga wina, yakuda osati yobiriwira, ndipo yothamanga kuposa yanga.

Ndinamufunsa za liwirolo. "Yothamangayo imadikira inzake, mng'ono wanga. Zonse ziyendera mayendedwe a yochedwayo, iwe sumvanso kusiyana." Akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa basi ndi wa mphepo.

Gwakisa ali tsidya lija anati chitini chimenecho ndi manda. Mama Ipyana anabweza kuti makasitomala a Gwakisa amamera imvi akudikira basi. Awiriwa akhala choncho zaka, ndipo masana amadyera mbale imodzi ya tchipisi ndi mazira.

Ndasankha za Gwakisa. Chifukwa chake mantha, palibenso china. Mawu a Ababa si oyeserapo zinthu. Mtengo wake sindilemba pano, ndingadzawerenge n'kudwala.

Lachisanu, 9 Juni

Sizinabwere. Mawa, akutero.

Ababa ayamba kusunga mawu mwakhama, ngati mbewu. Apeza njira: supuni ndi kapu ya tiyi. Kugogoda kamodzi ndi eya. Kawiri ndi ayi. Kambirimbiri ndi "Tumpale, bwera kuno." Nyumba yonse ngwe ngwe ngwe kuyambira mmawa, ngati ndili pantchito ya muhotela. Uchi, jinjala, mandimu. Mpango pakhosi ngakhale padzuwa.

Azimayi a kwaya anabwera kudzawaona, mapeyala ndi mkoko wa nthochi pamutu. Pocheza, mmodzi anati bwanji mawu oyambawo aimbe Tumpale, aphunzitsi apumuleko mmero, si ndi a akazi kale? Supuni inalira kawiri asanatseke n'pakamwa pomwe. Onse kuseka. Ine nane kuseka, nanga n'kutani.

Amakumbukira onsewo. Ndili mtsikana ndinali m'kwaya imeneyi, mzere wakutsogolo. Ababa anandichotsa Khirisimasi itayandikira, pamaso pa anthu, mwana wawo yemwe. Akuti ndimaimba ngati ndikuthawa mvula. "Kuthamanga sikufika." Kuyambira pamenepo malo anga ndi kuseri kwa makina. Sindinakwiye. Chabwino, ndinakwiya, chaka chathunthu. Koma sananame. Mpaka lero ndikamaimba pochapa, nyimbo imatha sopo asanachite thovu.

Iwo akuti mawu oyambawo aimba okha ndi kamawu kawo kakang'ono kaja, monga amachitira pophunzitsa. Ndiwo ovuta kwambiri pammero. Ndawauza. Supuni kawiri.

Lamulungu, 11 Juni

Kutchalitchi Ababa atsogolera kwaya ndi manja okha, milomo ikuumba mawu osatuluka. Pa nyimbo yomaliza anadziiwala, n'kulowa nawo abesi. Mzere umodzi, kenako chifuwa. Ine pabenchi mtima kuwawa ngati munthu akundibera. Mzere umenewo unali wa nyimbo yathu.

Katundu anaphonya basi ya dzulo. Lolemba tsopano. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezuyo ndi ine.

Moni wawo wa mmawa uno unali wosasa kuposa wa sabata yatha. Sindikudziwa ngati iwo aona. Aona, ndithu.

Lolemba, 12 Juni

Zafika. Ziwiri, zofanana bwino, zobadwira paketi imodzi monga ananenera. Za laputopu. Zazifupi ngati chala, mu kompyuta yanga sizingalowe ngakhale utazipempherera.

Gwakisa anangoti kakasi, paketi m'manja. Mnzake wa ku Kariakoo uja sakuyankha foni. Nkhope yake inali itanena kale zonse. Anavula koti lake loyera la pantchito, n'kuwoloka yekha kupita kwa Mama Ipyana. Mayiyo sanamunyoze. Anangotsegula chitini, kutulutsa yakuda ija, n'kumaikulunga m'pepala pang'onopang'ono akung'ung'udza kanyimbo. Kunyoza kukanakhala bwino.

Anaumirira kuti abwere kunyumba adzaiike yekha, andipepese ndi ntchito. Takwera limodzi bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Wapereka shikamoo, moni wa kwa akulu, kwa Ababa, Ababa ayankha ndi supuni. Ndamulowetsa mu situdiyo, ine kukhitchini. Mlendo sagwira ntchito m'nyumba muno asanamwe tiyi, Mayi akanakhalapo akanandikoka khutu.

Pobwera ndi thireyi, ndapeza wazula kale yamoyo ija m'makina, watolanso ya pa kambale. Zonse ziwiri wazikhula timano ndi labala, wazipukuta ndi sipiriti mbali zonse, zili ngwee pa kansalu, moyandikana. Kadontho kanga kulibe.

Fundi aliyense wa m'tauni muno ndi choncho. Ukamusiyira ramu, manja amayamba okha kukhula, mutu usanadziwe. Ndimadziwa. Ndinangoiwala kuti sipiriti sasankha.

Ndinamufunsa kuti yodwala ndi iti. Akuti yakumanzere. Kenako anayang'ananso. "Kumanzere kwanga, dada. Kapena ndinazitembenuza popukuta?" Zolembedwa zake zofanana, mtundu wofanana, ngakhale kokanda pangodya kofanana. Kufanana kuja timakutamanda kwatigwira pakhosi.

Sindinakalipe. Ndinathira tiyi, wina n'kutayikira m'sosala.

Taika yomwe akuti ndi yamoyo pamodzi ndi yakuda. Yayaka kamodzi n'kamodzi, osadandaula. Tayeza mpaka tiyi watha m'fulasiki, palibe chofiira. Ndikudziwa kuti yodwalayo imafuna nthawi yaitali kuti iziulule. Koma masiku ndilibe, ndipo mawu a Ababa akuchepa ngati sopo. Mawa tijambula.

Lachiwiri, 13 Juni

Tinadikira dzuwa litenthe kaye. Madzi ofunda, uchi supuni imodzi, pemphero lalifupi la mumtima.

Besi, kamodzi, yabwino. Mwina kuposa ya Loweruka lija, kusasa kwawonjezera kulemera. Ndasunga, ndakopera pa fulashi, ndatumizanso pa foni. Tsopano ndikusunga ngati wamisala, liwu lililonse malo atatu.

Achitatu, kamodzi. Achiwiri anakhosomola pakati, tinadula n'kulumikiza, sizikudziwika. Nyimboyi ndi yabwino, abale. Ikunena za munthu wobwera ku guwa ndi dengu losadzadza, akuti landirani chomwechi, mvula inagwa mokwanira ine ndi amene ndinachedwa kudzala. Ndamva mizere yake payokhapayokha masiku onsewa, koma atatu aja atakumana m'mahedifoni, tsitsi linandiima.

Ndinati tipume, oyambawo mawa. Supuni kawiri. Ananong'ona kuti mmero ukatseguka sumautsekanso, mawa sakulidziwa.

Alowa. Kamawu kakang'ono kaja, kowonda, konjenjemera koma kolunjika. Vesi yoyamba, yachiwiri. Mitsempha ya m'khosi ili njo. Vesi yomaliza itafika pakati, buluu.

Ulendo uno ndinagogoda galasi nthawi yomweyo.

Atatu aja ali bwino, ndatsegula ndaona. Oyamba apita onse. Ababa anatuluka, kumwa madzi, kuyesa kundiuza kanthu. Panangomveka ngati munthu akukoka mpando pasimenti. Anandisisita paphewa n'kupita kukagona masanasana.

Ndaimbira Gwakisa. Mawu ali pansi, akuti mwina ndi kusiyana kuja, zija ankanena za tsiku lofunika. Asanamalize, foni yalandidwa. Mama Ipyana: "Mwabwezeramo yodwala ija inu, musanamizire yanga!" Kumbuyo kukumveka akukangana, ine ndili pano ndi foni kukhutu, kuyang'ana chitseko cha Ababa.

Aliyense mwa awiriwa atha kukhala wolondola. Ndi chomwe chikundipweteka mutu. Ndikachotsa yakuda pomwe yolakwa ndi yobiriwira, ndagwanso. Ndikasintha yobiriwira pomwe vuto ndi kusiyana, ndagwanso. Ndipo kugwa kwina kulibe malo.

Lachitatu, 14 Juni

Zongoganiza ndasiya. Mmamawa ndazula yobiriwira ya dzulo, ndaika inzake ija, yakuda ndaisiya momwemo. Chibokosi ndatseka, mawindo ndatseka, kuti mutenthe bwino. Pulogalamu yoyezera kuyambira tiyi wa mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndachapa, ndasita malaya a Ababa a paulendo, kumangobwera kudzasuzumira ngati pali mwana wodwala. Palibe chofiira ngakhale kadontho.

Kenako ya dzulo ija payokha. Itangotentha, psuu.

Ndiye basi. Sikunali kusiyana. Tinabwezeramo yodwala ndi manja athu, titaipukuta bwinobwino. Ndatenga msomali ndaikanda mtanda waukulu pamsana. Apukute ameneyo ndione.

Gwakisa ndamuuza. Sanatsutse. Akuti zofanana zikanakhala bwinobe, makina amapepukirako pang'ono, koma pa ntchito yanga sindikanamva. Pasanapite nthawi wasiya botolo la uchi pageti osagogoda. Sindingamusenzetse yekha. Yakudayi inali m'manja mwanga Lachitatu lapitalo, Ababa mawu akadali nawo. Ndinaibweza ndekha.

Chakumadzulo Ababa anagogoda kapu, kuloza situdiyo. Ndinati makina tsopano ali bwino, ndikulumbira. Alowa, avala mahedifoni, atatu aja ayamba. Pofika polowera iwo, atsegula pakamwa. Mpweya wokha. Ndabwezera poyambira. Mpweya. Kachitatu sanadikire, anavula mahedifoni n'kuwakoloweka pa msomali mwaulemu, ngati jekete la kutchalitchi.

Sanadye. Ine ndadya chifukwa choti wina m'nyumba muno adye.

Ndikumva chisoni chomwe sindinamvepo chimwalirire Mayi. Nyimbo ya miyendo itatu. Mawu oyamba ndiwo nyimbo yeniyeniyo, enawo amangoiperekeza.

Lachinayi, 15 Juni

Achimwene Lusajo afika ndi basi ya mmawa, maso ofiira. Chikwama, mapepala a kuchipatala, bulangeti. Akuti ku Dar kukutentha, bulangeti la chiyani. Ababa agogoda kawiri, bulangeti lalowa.

Ndili pakati popinda zovala, ngwe ngwe ngwe ngwe. Ndawapeza mu situdiyo, akhala pa mpando wanga. Analoza mahedifoni pa msomali paja, kenako analoza ine.

Ndinati, "Ababa, ine ndimathamanga."

Anandikodola kuti ndiwerame, n'kunong'ona m'khutu: "Ndikudziwa, mama. Undidikira."

Mawu ake ndinali nditawaloweza kale powamva. Mayimbidwe anandikumbutsa ndi mluzu, mzere ndi mzere, mluzu suvuta mmero. Ndinati bwanji tingojambula mluzuwo, ndi wolondola kuposa ine. Diso lomwe anandiponyera! Achimwene mpaka anatuluka kukasekera panja.

Ndawaonetsa achimwene batani lofiira ndi loimitsira, ndawaopseza kuti asakhudze china chilichonse. Ndalowa m'kachipinda kanga komwe, mathireyi a mazira otsekera phokoso ndinakhoma ndekha m'makoma, koma mbali imeneyi ya galasi sindinaimepo kuti ndiimbe. N'kochepa. Kukununkha mafuta a Ababa opaka pachifuwa.

Ulendo woyamba ndafika kumapeto kwa mzere ndekhandekha, atatu aja akadali m'mbuyo. Wachiwiri chimodzimodzi. Kuseri kwa galasi chala cha Ababa chili m'mwamba, chikutsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika phiri la Loleza ndi mtolo. M'makutu Ababa atatu, osafulumira, osandithamangira. Ukawasiya sakutsata, umangodzimva wekha kuti uli pamtunda. Ndiye ndinasiya kuganiza za mzere wotsatira. Kumvera besi ipume, ine n'kupuma nayo. Kuyang'ana chala.

Tabwereza mpaka ndasiya kuwerenga. Mawu anga ndi aulere, alipo ambiri. Makina osatekeseka n'komwe, yobiriwira ndi yakuda zili phee m'kati, chibokosi chafunda ngati mbaula.

Pomvetsera tonse atatu, ine nkhope m'manja. Mawu anga ndi opyapyala pamwamba pa awo, akudziwikiratu kuti ndi a munthu wina. Koma akuyenda nawo. Achimwene anayang'ana kudenga nthawi yaitali, akuti fumbi.

Ababa anamvetsera kawiri. Supuni m'mwamba. Ngwe. Kamodzi.

Kenako kunong'ona: "Pamapeto wathamangabe. Zisiye, ndidzakonza ndekha."

Potuluka anaona ramu ya mtanda ija pa kambale. Anaitola n'kuiika m'thumba la malaya. Ndinawafunsa kuti ya chiyani. Akuti odwala apitire limodzi kwa dokotala.

Lachisanu, 16 Juni

Anyamuka m'bandakucha pa siteshoni ya mabasi ya Nanenane. Pawindo la basi, mpango mpaka m'makutu, dzanja pagalasi.

Nyumba zii. Kapu ndi supuni zili patebulo pomwe anazisiya. Sindinatsuke.

Za laputopu zija Gwakisa akuti wapeza wozigula. Kwaya ya ku Uyole ibwera Lolemba. Moyo ukupitirira, wopanda manyazi.

Lachinayi, 22 Juni

Sindinalembe. Panalibe cholemba, kudikira kokha.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri. Achimwene akuti yayenda bwino, chotupa chachoka. Kapaipi pakhosi, kudya kudzera m'mphuno. Za mawu madokotala akuti tidikire, ndipo nkhope zawo sizilonjeza. Ndinafunsa ngati akudandaula. Akuti ayi, angovutitsa manesi ndi bulangeti.

Kwaya inayamba kuphunzira Lachiwiri lomwelo, pano pabwalo, sipika pa mpando. Gulu lililonse ndimalitsegulira mawu ake payekha, monga ankachitira eni ake. Abesi akamamva Ababa ena amavula zipewa. A mawu oyamba agwira msanga, ndipo agwira zonse, ndi kuthamanga kwanga kwa pamapeto komwe. Azimayi onse kuthawa mvula limodzi. Ndinawauza achimwene pa foni ngati nthabwala. Sindinadziwe kuti foni ili pa sipika.

Lero masana achimwene aimba foni. "Tumpale, Ababa akufuna kuyankhula nawe." Ndinati ayankhula bwanji. Akuti ingomvera.

Phokoso la m'wodi, wina akukhosomola patali. Kenako ting. Ting. Ting. Chitsulo cha bedi. Achimwene akuti ndi kachipeso kaja, sakasiya, amagona nako m'manja.

Poyamba ndinayesa ndi "bwera kuno", mtima unagwa. Koma sikunali kofulumira. Kofanana, kodekha, kupuma pang'ono, n'kuyambiranso. Vesi yomaliza. Pomwe paja.

Ndinaima pakati pa bwalo, dengu la zochapa pansi, n'kuyamba kuimba m'foni. Osati patsogolo pawo. Ting kaye, ine pambuyo. Pa mawu otsiriza anachedwa dala, ndikuwadziwa, ndipo ndinadikira mpaka mpweya kutsala pang'ono kundithera.

Chete.

Ting. Kamodzi.

Azimayi afika, ndikuwamva pageti. Ndipukute kumaso. Lero tiyambira kumapeto, ndipo supuni ija ndiigwira ine.